Tsitsi la a Fidelis

Chinayamba ndi kadazi kamodzi, kakang'ono ngati batani, pakati pa mutu wa a Fidelis. Ndikunena a Fidelis a ku Woodbridge aja, amene ankayendetsa galimoto ya kazembe mpaka lole itawagunda pa msewu waukulu wa I-95 mu 1997. Mafupa anapola, koma mutu unatsalira. Bambo wanthabwala uja anangoti zii, osadya, osasamba, kumangoyang'ana khoma misozi ili chuchuchu.

Akazi awo, a Lillian, ankagwira ntchito usiku kosamalira okalamba, ndiye anaitanitsa mlongo wa bamboyo, Lenifa, kuchokera ku Mchinji kuti adzadwazike matenda.

Kenako dokotala wina ku College Park anayamba kuwathandiza ndi makina. Ankawamata timawaya pamutu, iwo n'kumayang'ana kompyuta. Ubongo ukadekha, makinawo ankalira kuti tii, mpaka ubongowo unazolowera kudekha wokha. Abale inu, zinagwira. Patatha miyezi iwiri bambo anapempha okha nyama yootcha, anaseka, mpaka anafunsa komwe kuli makiyi a galimoto.

M'pamene kadazi kaja kanaoneka, pomwe pankakhala waya. Lachinayi kanabwera kachiwiri. Pamtsamiro panalibe ngakhale tsitsi limodzi.

Kutchalitchi nkhani inakoma. Ena amati makina a azunguwo akuyamwa ubongo. Ena amanong'ona kuti tsitsi silisowa lokha, alipo akulitumiza kumudzi kuti akamalize zomwe lole inalephera. A Fidelis anamva zonse, ndipo chakudya chinayambanso kubwerera m'mbale.

"Achimwene, asiyeni makinawa," anatero Lenifa. "Mutu ukuthatu uwu."

A Fidelis anajomba kwa dokotala sabata yathunthu. Usiku, piritsi latulo likawagwira, ankamva ngati kutali thabwa likulira m'khonde, kenako chinthu chozizira chikuyenda pamutu pawo, khwee, khwee, pang'onopang'ono, ndi mpweya wa munthu pakhutu. Manja ankakana kudzuka. Kukacha, kadazi kena.

Usiku wina anabisa piritsi kunsi kwa lilime. Anagona chafufumimba. Kunja chipale chofewa cha nyengo yozizira chinali chitatseka phokoso lonse, m'nyumba munkangomveka mipope yotenthetsera zipinda ikuti the, the. Chitseko chinatseguka mosalira, ngati chopakidwa mafuta. Bedi linatsika mbali imodzi. Chozizira chija chitangokhudza khungu, anagwira dzanja n'kuyatsa nyale.

Anali Lenifa, lezala m'dzanja, kansalu kowolera tsitsi kali pamwendo. Sanadzidzimuke n'komwe.

"Iwe, mwana wa mayi anga?"

"Tsitsani mawu," ananong'ona. "Inu mukachira, ine ndikhala wa chiyani muno? Alamu andikweza ndege. Ndikalimenso fodya, inu mukudya nyama?"

"Ndiwauza a Lillian."

Lenifa anapinda kansalu kaja bwinobwino. "Auzeni. Munthu wogundidwa mutu, wolira ndi khoma. Tione amene akhulupirire."

M'mawa a Lillian atafika, maso ali psuu ndi tulo, bambo anafotokoza zonse, akubwereza pomwe anena kale. Lenifa anali pakhomo ndi kapu ya tiyi, akulira mwaulemu.

"Alamu, dzulo amati ndine mfiti. Ine ndikuopa adzadzipweteka okha."

A Lillian anayang'ana timadazi tija, n'kuyang'ana zikhadabo za amuna awo. Anapumira m'mwamba.

"Abambo, mukudzizula nokha tsitsi. Kuntchito ndimaziona zimenezi."

Tsiku lomwelo anaimbira dokotala kuti makinawo awonjezera matenda, bambo sabweranso. Ndipo poti wodwala wotere sayenera kudzitsekera, anatenga sikuludiraiva n'kuchotsa loko wa kuchipinda. Pochoka madzulo anapereka botolo la mapiritsi kwa Lenifa.

"Muziwayang'ana m'kamwa, alamu, kuti amezadi."

"Musadandaule," anatero Lenifa. "Ndiziwagonera pafupi."