Pulofesa Wosapuma

Dzuwa litapendeka, Dokotala Fumbi anatulutsa beseni kuti atsuke kapaipi kamodzi. Udokotalawo anali asanaupeze, linali dzina lomugemera chabe. Anali mtsikana wa m'mudzi momwemo, bambo ake oswa miyala kumgodi. Anapita kusukulu yaukachenjede n'kubwerako ndi makina oyezera mapapo. Munthu amaluma kapaipi n'kuuzira mpaka maso kutuzuka, ndipo kamuvi ka pamakinapo kamaonetsa mmene fumbi lamudyera m'chifuwa.

Ntchitoyo anamutuma ndi Pulofesa, nkhalamba yosalala nkhope imene inaika m'manda ophunzira ake, ndi ophunzira a ophunzirawo. Pa pepala lililonse la kafukufuku dzina lake limakhala pamwamba, ngati nkhuku yofungatira mazira a eni. Anthu akafunsa kuti adzapuma liti pantchito, ankangoseka n'kunena kuti, "Ine sindipuma." Lamulo lake linali limodzi: kapaipi kakagwira ntchito, katsekedwe mbali zonse, kapite kwa iye.

Chiyambireni kuyezako, maliro anachuluka. Amuna onyamula mwala ngati mtolo wa udzu ankangofota, n'kumwalira kukamwa kuli yasa. M'nyumba zawo munkatsala fungo la fumbi lonyowa, ngati mvula yoyamba, chikhalirecho kunja kuli ng'amba. Pachitsime amayi ankasiya kulankhula mtsikanayo akafika.

"Mwana iwe, akuti ukutolera mizimu," anatero mayi ake.

"Amayi, ndi fumbi likuwaphalo."

"Fumbi linayamba chaka chino?"

Pofuna kutseka pakamwa anthu, bambo ake anauzira nawo m'mawa wa tsikulo, anthu akuona. Masana Pulofesa, amene ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa chipatala, anadzatenga bokosi la timapaipi. Kamodzi kokha kanatsalira pansi pa tebulo, ka mmisiri wa njinga wa nyumba yoyandikana, amene anali atagona osatha ngakhale kuitana mkazi wake. Tatsopano tinali titatha, choncho mtsikanayo anati si nkhani, sopo alipo.

Atangokatsekula n'kukaviika, madzi anachita thovu. M'thovumo munatuluka chifuwa. Kho! Kho! Chifuwa chodziwika, cha kalikhweru kumapeto. Nthawi yomweyo kuseri kwa mpanda kunamveka mawu amphamvu a mmisiri uja.

"Amake mwana! Ndani wabwereka pampu yanga osandiuza?"

Mtsikanayo anatembenukira pakhonde. Bambo ake anali atatsamira khoma, akukoka mpweya ngati munthu wotunga m'chitsime chouma.

"Ababa, mukumva bwanji?"

"Wina... akundimwa, mayi."

Mtsikanayo anathamangira kuchipatala thovu la sopo lili m'manja. Chitseko cha kachipinda kaja chinali chotseguka pang'ono, ndipo mkati munkamveka psuu, psuu, ngati munthu woyamwa mafuta a m'fupa. Pulofesa anali pabedi, jekete ali chivalire, bokosi pamiyendo. Pansi panali timapaipi touma mbwee. Kamene kanali kukamwa kwake kanali ndi dzina la bambo ake, lolembedwa ndi dzanja la mtsikanayo. Masaya a nkhalambayo ankafufuma, makwinya akuwongoka, koma chifuwa chake chinali zii, osakwera osatsika.

"Lowa, mwana wanga," anatero atatseka kapaipiko ndi chala. "Wabwera kudzafunsa za digiri?"

"Ndipatseni kameneko."

"Kamodzi kokha, pa ntchito yonseyi? Ndisiye ndimalize, mawa ndisaina. Udzakhala dokotala weniweni, wa ofesi ya kapeti. Bambo akowa fumbi linawadya kale, ine ndikungonyambita mbale."

Mtsikanayo anaona zaka zonse zimene anawerenga mpaka maso kufiira, ndi mkanjo wa digiri umene mayi ake ankaulota. Kenaka anatsomphola kapaipiko pamodzi ndi bokosi, n'kuthamangira panja pamene panali mgolo wa madzi a mvula. Anakhutuliramo zonse.

Mgolowo unawira. Munatuluka zifuwa, mikonono, mluzu wa munthu woitana galu, ngakhale theka la nyimbo imene wina anaiyamba kumgodi. Mphepo yofunda inadutsa m'miyendo mwake n'kulowa m'mudzi, khomo ndi khomo. Agalu onse anauwa pamodzi.

Atacheuka, Pulofesa anali pakhomo, atakwinyika ngati thumba la simenti lokhuthula. Koma ankamwetulira. Anasisita thumba la pachifuwa, pamene pambali pa cholembera panasuzumira kapaipi kakale, kachikasu.

"Ukukumbukira tsiku loyamba m'kalasi? Ndinati uzira kaye iwe, udziwe mmene odwala amamvera. Ndinkasungira tsiku la njala."

Anazungulira kuseri kwa chipatala, ndipo amene anamutsatira anangopeza fumbi likutsika pang'onopang'ono.

Bambo aja anachira. Mpaka lero akaseka, nkhuku zimabalalika. Digiri ija sinasainidwe, ndipo mwana wawo amayezabe oswa miyala, koma kapaipi kalikonse amakatsuka mwiniwake akuona. Dzuwa likapendeka amakhala pakhonde pafupi ndi bambo ake. Nthawi zina mtsikanayo amaima pakati pa mawu, dzanja pachifuwa, ngati wina kutali wangolawa pang'ono n'kutsekanso ndi chala.

"Watopa, mayi," amatero bambo ake. "Kapume."

Iye amayesa.