Chogogoda M'lole ya Mlamu Wanga

Amene anandilakwira ndi mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga, chaka chimene mvula inakokolola mlatho wa kumsika. Ndikumutchula poyambirira pomwe kuti wina asadzati nkhalambayi ikuzungulira. Anandiphera mng'ono wanga, mlanduwo n'kundipachika ine, ndipo abale onse anamukhulupirira chifukwa ndi iye anagula bokosi la maliro.

Ine ndi mng'ono wangayo tinali ndi galaja kuseri kwa mashopu, denga la malata akale, pansi dothi lakuda bii ndi oyilo. Iye anali wa manja, ine wa khutu. Mlamuyo anali ndi lole yakale yamphuno yaitali, yonyamula mchenga ndi njerwa, ndipo ankaibweretsa kwa ife chifukwa kwa alamu ake munthu salipira.

Tsiku limenelo tinaikweza pa jeke n'kuchotsa tayala lakutsogolo kuti tione mabuleki. Ine ndinapita m'tauni kukafuna zitsulo zina. Koma loleyo inali ndi nthenda inanso: sitata yake inkakakamira. Mankhwala ake makaniko aliyense amawadziwa. Wina amalowa pansi n'kumaigogoda ndi sipanala, wina ali pa chiwongolero akupotokola kiyi. Mng'ono wanga anali ndi kagogodedwe kakekake: katatu, n'kupuma, katatu, n'kupuma. Akamenya kachitatuko ndiye kuti liza injini.

Nditabwerera ndinapeza lole itagwa pa jeke, mphuno ili pansi, miyendo ya mng'ono wanga ikuonekera kunja. Sipanala inali idakali m'manja mwake. Nditakwera m'kati ndinapeza kiyi wopotokola, giya ili pa wani. Munthu sangagone pansi pa lole n'kupotokolanso kiyi yekha. Koma mlamu anati iye kunalibe, anali kudambo kukaona mchenga. Anati jeke wathu anali wotha, ndipo anandichenjezapo kangapo ine n'kumaumira kugula wina.

Pa maliro, telala wa pakhonde loyandikana ndi galaja anandikokera pambali. Anandinong'oneza kuti anamva chiphokoso kuseri kwa khoma, kenako anaona mlamu akudzera kanjira ka kumbuyo, akuyenda ngati munthu wofuna kuthamanga koma akuopa maso. Anati kugogoda kunapitirirabe nthawi yaitali mlamu atapita, katatu n'kupuma, kumka kucheperachepera mphamvu. Telalayo anangoti ntchito ili m'kati, n'kupitiriza kusoka. Nditamupempha kuti akanene zimenezi pamaso pa abale, anati makina ake amasokosa, mwina sanamve bwino. Khonde limene ankasokerapo linali la mlamu wanga.

Anthu anasiya kubweretsa magalimoto kwa munthu woumira amene jeke wake anapha m'bale wake. Ndinagulitsa zida n'kuyamba kumata matayala a njinga pansi pa mtengo. Mkazi wa malemu anatenga ana n'kubwerera kwawo osanditsanzika. Mchemwali wanga akandiona pamsewu ankasanduka wofuna chinachake m'chikwama. Lole ija mlamu anaikonzetsa kwina, n'kuyambanso kunyamula mchenga ngati sinalawepo magazi.

Mvula ya chaka chotsatira itayamba, ndinamva kwa anthu opakira mchenga kuti lole ya abwana awo yayamba kulira kachilendo. Amati ukaimirira pafupi ndi boneti umamva kachitsulo kakugogoda m'kati, kosakweza, koma kosaleka. Makaniko woyamba anati ndi matapeti, tizitsulo ta pamwamba pa injini, nawasintha. Kachiwiri mlamu anapita kwa wina amene anati ekizozi ikutulutsa mpweya pa gasiketi, naika yatsopano. Wachitatu anakhuthula oyilo n'kuthira wolemera. Onsewa sanali zitsiru, ndipo nanenso ndikanayambira momwemo. Kugogodako sikunasinthe.

Kenako mphekesera zinasintha kamvekedwe, anthu n'kuyamba kuzinena motsitsa mawu. Amati loleyo ikugogoda ngakhale itazimitsidwa. Zimenezo pazokha si zachilendo, chifukwa injini yotentha imathetheka ikamazizira, ndipo aliyense woimika galimoto madzulo anazimvapo. Koma iyi amati imayamba mudzi utagona, chitsulo chitazizira kale, mame atagwa pa boneti. Mayi wina woyandikana nyumba ndi mlamu anauza mkazi wa telala kuti usiku woyamba anayesa akuba akumasula batire. Usiku wotsatira anasuzumira pa mpanda mwezi ukuwala, ndipo pabwalo panalibe munthu, lole yokha itaima pamalo pake, pansi pake pali mdima wa ndiweyani, kugogoda kukuchokera mumdimamo. Galu wa pakhomopo, amene chibadwire ankagona pansi pa lole kufuna kutentha, anasamukira kuseri kwa bafa.

Mlamu anaika lamulo m'nyumba mwake. Anati phokosolo ndi la chitsulo basi, ndipo aliyense wolitchula, kapena wotsegula chitseko usiku kukaliona, atenge katundu wake azipita. Mchemwali wanga ndi mkazi womvera. Anaphunzira kufunda bulangeti kumutu.

Ndi iye amene anabwera pansi pa mtengo wanga tsiku lina masana. Anaima chapatali, akuyang'ana beseni la madzi limene ndimafufuzira zibowo za machubu.

"Achimwene, alamu anu sakugona," anatero.

Ndinamuuza kuti ine ndine wa njinga tsopano, njinga ilibe injini, ndipo jeke wanga ndi wotha. Anangokhala pansi pa dothi, mayi wamkulu ngati ameneyo, n'kuyamba kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Anati mwamuna wake waonda mpaka lamba waboola pena, kuchipatala sakupeza nthenda, ndipo iye mwini ndiye wati aitane ine chifukwa khutu langa silinama. Ndinavomera. Sindinapite chifukwa cha chisoni. Ndinkafuna kumva ndekha, ndiponso ndinkafuna kuona nkhope yake ndikamamva.

Ndinafika dzuwa likulowa, nditanyamula sikuludilaiva yanga yaitali, chida chokhacho chimene sindinagulitse. Mlamu anandilandira ndi nthabwala zake zakale, akuti alamu mwanenepa, njinga zikukusungani bwino. Koma maso ake anali atalowa m'kati, ndipo nthawi yonse ankaima chopatsa loleyo msana.

Ndinamuuza kuti alize. Injini inadzuka ndi chifuwa chake chaukalamba, utsi wa dizilo n'kudzaza bwalo. Ndinatsegula boneti, n'kuika nsonga ya sikuludilaiva pachitsulo, chigwiriro pa khutu. Umu ndi mmene timamvera za m'mimba mwa injini. Pamwamba, matapeti ankayenda bwino, te-te-te wawo wa masiku onse. Ndinayendetsa dzanja mozungulira ekizozi kufuna kampweya kotuluka, panalibe. Ndinatsikira m'munsi kwa mabering'i, kumene kukaonongeka kumamveka go, go, ngati munthu akugogoda chitseko chachikulu. Kunali bata. Komabe kachitsuloko ndinkakamva, kakuchokera cham'mbali, chapansi.

"Pondani mafuta," ndinatero.

Anaponda, injini n'kukuwa. Apa m'pamene tsitsi linandiimirira. Phokoso lililonse la m'injini limatsata injiniyo: ukaponda limafulumira, ukasiya limachedwa, chifukwa chogogodacho chimazungulira limodzi ndi zinzake. Ili silinafulumire. Injini ikukuwa choncho, ilo linkayenda pang'onopang'ono pa liwiro lakelake, ngati dzanja la munthu. Ngwe, ngwe, ngwe. N'kupuma. Ngwe, ngwe, ngwe.

Ndinasuntha nsonga ija mpaka inakhudza sitata. Kugogodako kunakwera m'chitsulo n'kundilowa m'khutu, n'kutsikira m'mano. Sikunali kwa m'kati mwa sitata. Kunali kwa kunja, kwa sipanala yomenya pa chikopa chake, ndipo pa kumenya kulikonse sikuludilaiva inkanjenjemera m'manja mwanga. Ndinaunika ndi tochi. Panalibe waya wolendewera, panalibe bawuti womasuka. Panali sitata yakuda ndi oyilo, ndi timabala tonyezimira pamene chitsulo chinamenyedwa posachedwa.

Ndinamuuza kuti azimitse. Mdima unali utagwa, ndipo injini itangoti zii, ndinamva nkhululu kumpanda ndi mbale zikugundana kukhitchini. Ekizozi inathetheka pang'ono pozizira, kenako inaleka. Ndiye chinayambanso, momveka bwino tsopano, pafupi ndi mawondo athu.

Mlamu anandigwira mkono. Dzanja lake linali lozizira ngati la munthu wochapa m'mamawa.

"Ndi chiyani, alamu?" ananong'ona.

"Mukundifunsa ine? Inu ndi amene munakhala pa chiwongolero. Akagogoda katatu munkatani?"

Anandisiya mkono. Anati ndisayambe za misala, iye anandiitanira za injini. Ndinamuyankha kuti injini yake ilibe nthenda, ingathe kumunyamulira mchenga mpaka imvi. Ndinati wogogodayo akuitana munthu amene anamusiya pansi, ndipo sipanala yochiza zimenezo kulibe. Ndinamuuza mankhwala amodzi okha amene ndinkawaona: aitane mchemwali wanga pomwepo, aitanitse mkazi wa malemu ndi ana, anene ndi pakamwa pake kuti anaiwala giya, anapotokola kiyi, ndipo atamva mnzake akugogoda pansi anasankha kuthawa. Sindinapemphe galaja yanga. Ndinkafuna dzina langa lokha, kuti ana a mng'ono wanga asakule akudziwa kuti bambo awo aakulu ndi amene anawasandutsa amasiye.

Kugogoda kunapitirira pakati pathu. Mlamu anatsegula pakamwa, ndipo ndinayesa kuti alankhula. Pomwepo mchemwali wanga anatsegula zenera la kukhitchini kufunsa ngati tapeza vuto. Mlamu anatembenuka n'kuyankha ndi mawu ake aubwana aja.

"Ndi sitata. Achimwene akowa akalamba, akuopa kulowa pansi."

N'zoona, ndinakana kulowa. Ndinatenga sikuludilaiva yanga n'kutuluka pageti, ndipo palibe anandiperekeza.

Zotsatira ndinazimva kwa anthu. Mawa lake mlamu anaitana makaniko wina kudzachotsa sitata, ndipo anakaiponya yekha mumtsinje. Loleyo anayamba kuiliza chokankha, opakira mchenga akutukwana kumbuyo. Usiku umenewo kunali zii, ndipo m'mawa anamuona akuseka pamsika. Usiku wotsatira chinabwerera, pamalo pomwe panali sitata, pamene tsopano panali dzenje lokha. Anachotsa batire n'kuisunga kuchipinda. Anapeza wogula, koma woguluyo atangoimirira pafupi ndi tayala lakutsogolo anakumbukira kuti ali ndi ulendo wina. Opakira mchenga anachoka mmodzimmodzi. Loleyo inaima pabwalo, udzu n'kuyamba kumera mozungulira matayala, ndipo oyandikana nawo ankatseka mawindo dzuwa lisanalowe. Mayi wosuzumira pa mpanda uja amati nthawi zina ankamuona mlamu ataima pakhonde mumdima atavala kabudula wogonera, milomo ikuyenda ngati akuwerengera limodzi.

Ndinakumana naye kamodzi pamsewu masiku amenewo. Ndinamuyang'ana kudikira. Anangoti, "Alamu," n'kudutsa.

Mchemwali wanga ndiye anandiuza za usiku womaliza, atakhala pa dothi lomwe lija pansi pa mtengo wanga. Anati anadzidzimuka n'kupeza pabedi palibe mwamuna wake. Anamva jeke akulira kunja, ndi mabawuti a tayala akugwera m'mbale yachitsulo, ndipo anadziwa kuti watopa nazo, akufuna kulowa pansi akaone yekha. Kenako anamva chiphokoso chimodzi chachikulu, nyumba n'kugwedezeka. Anadzuka kuti atuluke, dzanja lili kale pa chitseko. Ndiye kunayamba kugogoda. Katatu, n'kupuma. Katatu, n'kupuma. Kunali kwamphamvu kuposa masiku onse, koma kunali kugogoda komwe kuja kumene anauzidwa kuti asakutchule, asakutsegulire chitseko. Anabwerera pabedi n'kufunda bulangeti kumutu. Anati kunapitirira mpaka tambala, kumka kucheperachepera mphamvu.

Bwalo lawo ndi lathyathyathya, ndipo mlamu anali ataika miyala kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Lole yopanda sitata, yopanda batire, inakwera miyalayo n'kupita kutsogolo. Giya anaipeza pa wani. Jeke anali watsopano.

Mlamu wanga anamupeza m'mawa atafa, miyendo ikuonekera kunja, sipanala ili m'manja.