Timaenje ta pa Mlomo wa Njoka

Jethro sanali munthu wa m'tchire. Nsapato zake zinkangodziwa simenti ya ku Kabwata. Koma Lamulungu lija mwana wake Abby analumidwa ndi njoka akuyenda ndi achinyamata a tchalitchi kuseri kwa Woodlands. Dokotala anati mwanayo ngwa mphumu, jekeseni wa ululu wa njoka atha kumubanikitsa. Ikakhala mphiri amubaya ndithu, koma ikakhala kamwana ka nsato palibe chifukwa. Anawo anangoona mawangamawanga basi.

Ananyamuka atatu kukafuna njokayo: Jethro ndi chikwanje, Gerald wotsogolera achinyamata aja, ndi Nkandu, mlamu wa Jethro, mphunzitsi wa sayansi, atakumbatira fulasiki ya tiyi. Fulasikiyo inamuwawa Jethro mumtima. Mwana ali pabedi, wina akuganiza zomwa!

Galimoto inatitimira m'matope pothera mipanda. Anawoloka dambo wapansi, madzi m'mawondo, mvula ikuwakwapula. Gerald anawasocheretsa, koma kenako anaona nsapato ya Abby pafupi ndi dzenje la pachulu.

Nkandu anathira tiyi wotentha m'botolo, nalilowetsa m'sokosi ya Jethro, n'kumangirira kunsonga kwa mtengo wautali. Anati njoka zina zili ndi timaenje kumaso tomva kutentha kwa nyama ngakhale mumdima. Zaululu za kutsidya kwa nyanja zili nato pakati pa diso ndi mphuno. Kuno mphiri ilibe, koma nsato ili nato pamlomo.

Analendewetsa sokosiyo pakhomo pa dzenje. Jethro anadikira, thukuta ndi mvula zitasakanikirana. Mutu unatulukira pang'onopang'ono, n'kulumphira sokosi ija. Chikwanje chinakwera chokha.

"Ba Jethro, osamenya," anatero Nkandu. "Kopani na foni, pa mulomo apo."

Jethro anakopa, nakulitsa chithunzicho. Timaenje tija tinalipo, ngati mabowo a batani.

"Ni nsato iyi, mulamu. Ilibe poizoni."

Jethro anakhala pansi m'matope n'kulira, osachita manyazi.

Anafika kuchipatala ali matope okhaokha. Dokotala anayang'ana chithunzi, napimanso mwendo womwe sunatupe, n'kubweza jekeseni uja m'firiji. Abby anadzuka, nayang'ana chikwanje.

"Dadi, munaipaya?"

"Iyayi, mwana wanga," anayankha Jethro, akumugwira kumutu. "Yanitengela chabe sokosi."