Kupampu Kulibe Munthu

Pakhomo pa bambo Pius ku Mbenje panali pamtendere. Iwo anali mlonda wa pampu yamadzi pa esiteti ina ya nzimbe m'mphepete mwa Shire, ndipo akazi awo, mayi Jesinta, ankaimba kwaya kutchalitchi. Mwana wawo Raphael atalembedwa ukalaliki pa esiteti yomweyo, makolowo anapha bakha naitana anansi kudzathokoza Mulungu.

Ntchito ya Raphael inali yolemba amene abwera kuntchito. M'mawa ankapalasa njinga munda ndi munda atanyamula kamakina kodindapo chala, aliyense n'kudinda. Masana ankakalumikiza kamakinako ku kompyuta ya muofesi, ndipo mayinawo ankangopita okha kwa a malipiro, kuchipatala cha pa esiteti, komanso kwa oyendetsa mathirakitala onyamula anthu poweruka. Dzina likasowa pamenepo, kwa onsewo munthuyo kunalibe.

Dzinja litafika, njira zakumunda zinasanduka matope okhaokha. Tsiku lina Goodwell, woyendetsa thirakitala amene ludzu lake silinkatha, anamupeza Raphael akukankha njinga, thukuta lili kamukamu.

"Shamwali, ukuzunzikiranji chonchi?" anatero Goodwell. "Zala za anthu opalira n'zong'ambika, makinawo nthawi zambiri amazikana. Paja akakana amakulola kulemba wekha? Ingotenga mayina a sabata yatha uwaike pa lero. Anthu ake ndi omwewo. Tiye kwa Emelia, mowa uli m'firiji."

"Nanga akandigwira?"

"Akugwira ndani? Kompyuta ili ndi maso?"

Raphael anaseka n'kumutsatira. Kuyambira pamenepo njinga yake inaiwala njira yakumunda, koma ya kwa Emelia inkaidziwa ngakhale mwini wake atatsinzina. Ankakhala pamthunzi, botolo pambali, n'kumalemba anthu amene sanawaone. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mwezi utatha zinayamba kununkha. Mayi Otilia, amene anapalira osajomba, anapeza masiku awo atadulidwa, pamene mnzawo amene anali kumaliro ku Chikwawa analandira zonse. Anthu anayamba kuyang'anana cham'mbali. Ena ankati kapitawo akudya nawo, ena ankati alipo amene amakanong'oneza kuofesi, mpaka anzawo akalekale anasiya kumwerana madzi. Mayi Otilia atamufunsa Raphael, iye anayankha osawayang'ana.

"Ndi netiweki, amayi. Ine ndimangotumiza."

Koma bambo Pius sanali munthu womunamiza ndi netiweki. Lamlungu atachokera kutchalitchi anamuitana mwana wawo kuseri kwa nyumba.

"Raphael, papita nthawi usanafike kupampu kudzandidinditsa chala. Koma masiku anga akuoneka kuofesi. Unandiona kuti?"

"Ndimakuonerani patali, baba."

"Patali? Nanga pakamwa pakopo pakumveka chiyani?"

Mayi Jesinta, amene ankamvetsera ali pakhonde, anabwera misozi ili m'maso. "Mwananga, mayina amenewo ndi anthu amoyo. Mulungu anakupatsa ntchito yoona anthu ndi maso ako. Goodwell ameneyo akakusiya padzuwa."

Raphael anapsa mtima ngati ndiye wolakwiridwa. Anatenga chikwama napita kukakhala kwa Goodwell ku Bangula, kuti asamafunsidwenso mafunso. Kunena zoona, n'zomvetsa chisoni kuona mwana akuthawa anthu okhawo amene amamuuza zoona.

Patapita masiku, mvula yoopsa inagwa kumapiri a Mulanje, kuchigwa kuno dzuwa likuswa mtengo. Anthu akuno amadziwa kuti madzi otere sagogoda. Mtsinje wa Ruo unatsika mwaukali, unakankha Shire pa Chiromo, ndipo madzi anayamba kubwerera m'minda yakumunsi. A Edmund, woyang'anira minda yonse, anatsegula kompyuta kuti aone amene ali kuti, n'kutumiza mathirakitala ndi bwato motsatira mayinawo. Anamuitanitsanso Raphael, amene anafika maso ali psuu.

"Kalaliki, apa pakuonetsa kuti kupampu kulibe munthu lero. N'zoona?"

Raphael anayang'ana pakompyutapo. Mayinawo anali a sabata yatha, tsiku limene pampu inali itazimitsidwa. Za lero sankadziwa kanthu. A Edmund anamuyang'anitsitsa.

"Ndikufunsa iwe. Unafikako m'mawa uno? Bwato ndi limodzi, ndipo kudambo kuli azimayi. Ukandiuza kuti sukudziwa, nditumiza kaye kupampu."

Akanangonena kuti sakudziwa, ntchito ikanatha koma bwato likanapita. Iye anaganiza za ntchitoyo, anaganiza za manyazi, kenako anadziuza mumtima kuti bambo ake ndi munthu wamkulu wodziwa madzi, ngati ali kumeneko athawa okha.

"Ndinafikako, bwana. Kulibe munthu."

Bwato linapita kudambo. Pofika madzulo onse olembedwa anali atafika pamtunda, ndipo a Edmund anathokoza Mulungu kuti palibe watsala. Anthu akubalalika, anatulukira mayi Jesinta, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno.

"Raphael, bambo ako atsika thirakitala iti? Anapita kupampu m'mamawa."

Raphael anakhala pansi m'matope. Goodwell, amene anaima pafupi, anazemba mwakachetechete. Bwato linathamangira kupampu, koma linangopeza denga lokha likuonekera pamwamba pa madzi.

Thupi la bambo Pius analipeza asodzi m'mabango chakumunsi kwa mtsinje. Pamaliro Raphael anagwada pamaso pa anthu onse naulula zimene anachita, osabisa kanthu. Mpingo unamupempherera, ndipo mayi ake anamukhululukira akulira. Ntchito inatha, apolisi anamutenga, ndipo mayi Jesinta anatsala okha m'nyumbamo.

Iwe wachinyamata amene wapatsidwa ntchito, kaya ndi yaing'ono bwanji, usalembe chimene sunaone, ndipo ukalakwa ulule nthawi isanathe. Ulesi umabala bodza, ndipo bodza silisankha womupweteka. Raphael analapa ndithu ndipo Mulungu amakhululuka, koma bambo ake sanabwerere.