Mawu Amene Amayi Sakanamunenera

Chimwalirireni bambo ake, Noemi sankamva kalikonse. Njala sankaimva, chisanu cha kwawo ku Kansas sankachimva, ngakhale misozi inali itamukana. Ankangoyenda ngati munthu woti tulo sitinamuthere m'maso.

Anali m'chaka chachitatu kusekondale, koma masana a Lachiwiri ndi Lachinayi ankapita kukoleji ya m'tauni mwawo kukaphunzira za thupi la munthu, phunziro loyambira kwa ofuna unamwino. Ana a sekondale amene mitu yawo imagwira amaloledwa kutero, ndipo malikisi awo amawerengedwa mbali zonse ziwiri. Amene anamulimbikitsa anali bambo ake omwewo, odula nyama kufakitale, amene ankatama mwana wawo mpaka anzawo kutopa nawo.

Maliro atatha, Noemi ankanyamukabe pa nthawi yake. Ankayendetsa pikapu ya malemuwo mpaka pabwalo la koleji, n'kuzimitsa injini, n'kungokhala. Chipewa cha bambo ake chinali chikadali pampando wapambali. Ankaonerera anthu akulowa, kenako akutuluka, iye n'kubwerera kunyumba. Kusekondale ukajomba tsiku limodzi lokha, foni imalira kwanu dzuwa lisanalowe. Kukoleji palibe amakusaka, mpando wako umangokhala wopanda munthu basi.

Tsiku lina wina anagogoda pagalasi. Anali a Darlene, mayi wa adzukulu awiri amene ankakhala naye tebulo limodzi m'kalasi.

"Kamwana iwe, ndimayesa unakwatiwa," anatero a Darlene. "Ine ndikuvutika kuloweza mafupa ndekha, iwe uli phee muno ngati nkhuku yokhalira mazira?"

"Ndimabwera," anayankha Noemi.

"Kufika pabwalo si kubwera. Mayeso awiri akudutsa kale. Aphunzitsi athu a Whitcomb akapanda kukuona pofika Lachisanu, akulembera kuti walephera, ndipo cholembedwa kukoleji sichifufutika. Chidzakutsata mpaka kusukulu ya unamwino."

Noemi anangogwedeza mutu. Ankadziwa kuti apa m'pofunika kuchita mantha, koma manthawo sanabwere.

Madzulo anawauza amayi ake nkhaniyo ngati akunena za mphepo yakunja. Mayi Salcido anasiya mbale imene ankatsuka.

"Mwezi wathunthu, mwana wanga? Uli m'galimoto?" Anapukuta manja. "Mawa tipitira limodzi. Aphunzitsi ako onse, kuyambira kusukulu ya mkaka, ndinalankhula nawo ndine. Ameneyu ali ndi nyanga?"

M'mawa mwake anavala diresi yawo ya kutchalitchi, nakulunga m'nsalu matamale otentha, timikate ta chimanga ta nyama m'kati, monga ankachitira nthawi zonse akamapita kukapepesera mwana wawo. Atafika, Noemi anatsala pabenchi panja pa ofesi. Chitseko sichinatsekeke bwino, choncho zonse ankazimva.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero aphunzitsi a Whitcomb modekha. "Za wophunzira wa pakoleji sindiloledwa kukambirana ndi kholo iye mwini asanavomere. Kuno Noemi timamutenga ngati munthu wamkulu."

"Wamkulu? Ameneuja ndimamuchapirabe masokosi."

"Ndikumvetsa. Inu mukhoza kundiuza chilichonse, ndimvetsera. Koma wopempha akhale iyeyo."

Noemi anadikira kuti amayi ake anene chimene chinagwa pakhomo pawo, koma sanamve kanthu. Posakhalitsa amayiwo anatuluka, phukusi lija lidakali m'manja, nakhala pansi pambali pake.

"Ndimati ndiwauze za bambo ako," anatero motsitsa mawu. "Pakamwa pandikanika."

Noemi anawayang'ana. Kuchipatala analankhula ndi madokotala ndi iwowa. Kumaliro anathokoza anthu ndi iwowa, kufakitale anakatenga katundu wa malemu ndi iwowa. Iye ankangoima kumbuyo, osatsegula pakamwa, poganiza kuti amayi ake ndi mwala. Tsopano anaona kuti diresi ija yawakulira m'mapewa.

Noemi anatenga phukusi lija n'kuimirira.

A Whitcomb, mayi waimvi wovala magalasi, anadzutsa mutu atamuona pakhomo.

"Ndine Noemi Salcido," anatero. "Ndakhala ndikujomba."

"Ndikukudziwa. Mpando wachitatu, pafupi ndi zenera."

Mawu otsatirawo Noemi anali asanawatulutsepo kwa munthu aliyense, ngakhale kwa iye mwini ali yekha m'pikapu.

"Bambo anga anamwalira."

Mawuwo anamveka ngati a munthu wina. Koma atangotuluka, maso anatentha, ndipo anazindikira kuti matamale aja akumuotcha m'manja. Anali akumuotcha chiwatengereni kwa amayi ake, iye osamva.

A Whitcomb anakoka mpando. "Khala pansi, mwana wanga. Mayeso amodzi apita, amenewo sindingakubwezere. Enawo tikhoza kukambirana, ngati iweyo ukufuna."

Noemi anaika phukusi patebulo, napukuta kumaso ndi mkono wa juzi. Anacheukira kukhomo kumene amayi ake ankasuzumira, kenako anayang'ananso aphunzitsiwo.

"Ndikufuna," anatero. "Lachiwiri ndilowa m'kalasi."