Wenzulo Yokalamba ndi Utsi

Nyumba ija inali yabwino, anthuni, yopemphera. Bambo a m'nyumbamo ankadziwa mawenzulo akale amkuwa. Anthu osunga zinthu zakale ankachokera kutali kudzawafunsa kuti iyi ndi ya liti. Akanena iwo, basi, wotsutsa panalibe.

Koma mwana wawo wamkazi ndiye ankawaposa. Ankamutcha Kadiso. Angoitembenuza wenzulo pawindo, aone msoko pomwe anawotcherera, chidindo cha fakitale, kamphete momwe kadyekera ndi tcheni, ainunkhize.

"Ya alonda a sitima iyi, ababa. Agogo anu asanamere ndevu."

Bambo ake kuseka. "Mwana uyu andilanda ntchito ndili moyo."

Mayi ake sankaseka. "Diso limenelo n'lobwereka kwa Mulungu, iwe. Usamale nalo."

Ndiye kunali wamalonda wina wachipewa, wapakamwa pozuna. Anamuimitsa Kadiso panjira.

"Asisi, luso lonselo nsapato n'kumaseka chonchi? Wodziwa kukalamba kwa chinthu angathenso kuchikalambitsa."

Anakana. Ulendo wina anakananso, koma motsitsa. Mapeto ake uyo, kuseri kwa shopu ya wachipewa, wenzulo yatsopano m'manja. Viniga, mchere, utsi wa kandulo. Kamphete anakadya ndi tupa, kukamwa kwake n'kulumako yekha kuti paoneke mano. Ntchito yokongola, mpaka kuopsa.

"Nanga m'katimu?" anafunsa Kadiso.

"Aa, wogula salowamo. Bweretsani."

Nthawi imeneyo maso a bambo ake anali atayamba nkhungu. M'mawa wina anafika adokotala opuma ntchito, mnzawo wakalekale, atagula wenzulo mumsewu. Bambo anaisisita ndi chala.

"Ikuoneka yakale ndithu. Kadiso, tandionera, maso anga ndiwe."

Kadiso anailandira. Mano ake omwe, awo. Pakanangofunika mawu awiri okha.

"Ndi yakale, ababa."

Adokotala anakaionetsa kwa anzawo osunga zakale, monyadira, akutchula dzina la amene waitsimikiza. Wina anaunika m'kati ndi katochi. Mkuwa mbee, wadzulodzulo. Mbiri inathamanga kuti bambo a Kadiso ayamba bodza. Wachipewa uja anangosowa, zii.

Kadiso sanadye. Anakagwada pafupi ndi tebulo la bambo ake.

"Ndine ndinapanga, ababa. Ndinaizindikira, ndinakunamizani."

Bambo anatembenukira kwa iye.

"Kamphete kaja unakatha bwanji? Ine ndemwe sindikanatha." Anapukuta m'maso. "Dzuka, mwanawe, ndakukhululukira. Koma anthu aja sabweranso."

Anapita yekha mtsikanayo kukaulula kwa adokotala, khomo ndi khomo kwa enawo. Ena anamva, ambiri anatseka chitseko. Mpaka lero bambo aja amayala kansalu koikapo mawenzulo patebulo m'mawa, kumvetsera ngati wina agogoda.

Ana inu, chonde, ndikuopa ine. Luso ndi labwino, koma mukalipereka ku bodza silipweteka inu nokha. Limayamba kugwetsa amene amakukhulupirirani.