Timphete pa Zala za Timba

"Ichi ndiye chitoliro."

"Koma ndi chachitali ngati mpini wa tsache."

"Udzakula nacho."

Amenewo anali Timba ndi amalume ake. Anali m'sitolo ya zitoliro. Timba anali mtsikana wochepa thupi. N'chifukwa chake anamupatsa dzina la kambalame.

Timba ankafuna chinthu chimodzi. Achemwali ake anali pafupi kukwatiwa. Amalume ndi gulu lawo ankakonzekera kukaimba nyimbo zamakolo paukwatipo. Timba ankafuna kukaimba nawo.

Nyimboyo ankaidziwa. Amalume anamuphunzitsa kusuntha zala pa pensulo. Koma pensulo siilira.

Gulu la amalume linali ndi lamulo. Wofuna kulowa ayambe watulutsa mawu otsika. Nyimbo ya ukwati imayamba ndi mawu amenewo. Kuti atuluke, mabowo onse atsekedwe. Mabowo alipo asanu ndi limodzi.

Amayi a m'sitolo analinso ndi lamulo lawo. Chitoliro chikatuluka pakhomo, sichibwerera.

Zitoliro zamtengo zinali pakhoma. Zinali zakuda, zosalala, zonunkhira mafuta. Tizitoliro tachitsulo tinali m'ndowa pafupi ndi chitseko. Tinangoima m'menemo ngati masupuni.

Amalume sanayang'ane m'ndowa. Anatenga chamtengo chachitali chija. Anachiika cham'mbali pamlomo. Anauzira. Chinalira mokoma. Anatenga china. Nachonso chinalira mokoma. Amalume anati zonse ndi zabwino kwa Timba. Anati aziyesa okha.

Anaziyesadi okha. Anaziyesa ndi zala zawo. Zala za amalume zinali zonenepa ngati nthochi.

Timba anatenga chachitali chija. Anatambasula zala. Anauzira.

Fuuu.

Munatuluka mphepo yokha.

Amalume anati auzire mwamphamvu. Timba anauzira mwamphamvu.

Fiii.

Amalume anati auzire pang'ono. Timba anauzira pang'ono.

Fuuu.

Amalume anakanda m'mutu. Anati maukwati satha. Anati pa uno Timba angowomba m'manja. Adzaimba pa ukwati wina.

"Malume, achemwali ndili nawo amodzi," anatero Timba.

Timba sanalire. Anakhala pa kampando. Zala zinkamupweteka. Anazitembenuza kuti azione.

Pa chala chilichonse panali kachizindikiro. Bowo la chitoliro linadinda pamenepo. Pa zala zitatu panali timphete tathunthu. Pa zala zitatu zina panali timphete toduka.

Timba ankakonda ndagi. Iyi inali ndagi yabwino.

"Malume, kanikizani mabowo. Kenako mundionetse zala zanu."

Amalume anakanikiza. Anaonetsa zala. Timba anawerenga. Timphete tonse tinali tathunthu. Panalibe koduka.

"Mpweya wanga si wochepa," anatero Timba. "Ukuthawira pamene kamphete kaduka."

Timba anaimirira. Anapita pakhoma. Anatenga chitoliro china. Sanachiike pamlomo. Anangokanikiza, n'kuyang'ana zala.

Timphete tathunthu titatu. Anachibweza.

Anatenga china. Anakanikiza. Anayang'ana.

Timphete tinayi. Anachibweza.

Amayi a m'sitolo anavula magalasi. Anafunsa amalume ngati mwanayu amamva nyimbo ndi zala. Amalume anati nawonso akudabwa. Anati ku mtundu kwawo kulibe zimenezi.

Timba anatenga chamtengo chachifupi kwambiri. Chinali chokongola. Timba anachikonda. Anakanikiza. Anayang'ana.

Timphete tisanu. Chala chomaliza sichinafike.

Anakanikizanso. Tisanu basi. Timba anachisisita. Kenako anachibweza.

Pakhoma panalibenso china. Timba anapita pa ndowa.

Amalume anakwinya nkhope. Anati tachitsulo timalira ngati ketulo. Anati nyimbo zamakolo zimafuna mtengo.

Timba anasolola kamodzi. Kanali kopepuka. Kanali kozizira. Mabowo ake anali aang'ono, oyandikana. Anakanikiza. Anayang'ana. Anawerenga kawiri.

Timphete tonse tinali tathunthu.

Tsopano anakaika pamlomo. Aka sikagwiridwa cham'mbali. Kamaloza kutsogolo. Timba anauzira pang'onopang'ono, ngati akuziziritsa tiyi.

Tuuu.

Mawu otsika anatuluka. Anatuluka oyera, osanjenjemera.

Timba sanaime. Anakweza chala chimodzi. Anakweza china. Nyimbo ya ukwati inayamba kuyenda.

Amalume anamvetsera. Phazi lawo linayamba kugunda pansi. Iwo sanalitume. Kenako anatenga chamtengo chachitali chija n'kulowa m'nyimbo. Chamtengo chinayenda pansi. Kachitsulo kanayenda pamwamba. Anthu odutsa mumsewu anasuzumira pakhomo.

Nyimbo itatha, amalume anapempha kuti ayeseko. Timba anapukuta kachitoliro n'kuwapatsa. Zala za amalume zinapanikizana. Chala chimodzi chinatseka mabowo awiri.

Kwiii.

Amayi a m'sitolo anabisa nkhope. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Mudzachepa nako, malume," anatero Timba.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Anati Timba sachepa ndi mazira ake. Anagula kachitsulo kaja.

"Walowa gulu, iwe," anatero. "Uziima kutsogolo. Kumbuyo sungaoneke."

Tsiku la ukwati linafika. Timba anaima kutsogolo. Anatseka mabowo onse. Mawu oyamba anali ake. Achemwali anatembenuka. Anamuona. Anamwetulira, kenako anavina. Amayi ake a Timba anavina. Abambo nawonso anavina, ngakhale nsapato zinkawathina.

Ukwati unatha. Alendo anapita. Koma nyimbo sinathe.

Timba ankaimba m'mawa. Ankaimba masana. Ankaimba pakhonde. Ankaimba m'bafa, chifukwa m'bafa mawu amamveka bwino.

Tsiku lina amalume anabwera kudzacheza. Onse anakhala pabalaza. Abambo anali atadya bwino. Anatsamira pampando. Anatseka maso. Tulo tinayamba kubwera.

Kuseri kwa mpando kunamveka, tuuu.

Abambo anatsegula diso limodzi. Amayi anayang'ana pansi. Amalume anayang'ana kudenga.

"Kodi anamugulira mwanayu chimenechi ndani?" anafunsa abambo.